Amene Anabwezera Leguleta Yakale

Maliro a abambo ake anatha, koma Kasipanala sanapeze mpata wokhala pansi n'kulira bwinobwino. Alire bwanji mwamuna wake ali m'chitokosi cha apolisi, pa mlandu woti ndiye anaphetsa abambo akewo?

Dzina limeneli anampatsa ndi malemuwo ali kamtsikana, chifukwa anzake akamasewera panja iye ankakhala atanyonyomala pambali pa njinga yamoto, kumapatsira abambo ake masipanala. Njingayo inali yachikalekale, yakuda, yolemera ngati ng'ombe, ya mtundu umene fakitale yake inatsekedwa iye asanabadwe. Mdalayo ankaikonda moti amayi, omwe anali telala wa pakhonde, ankangoitcha "mkazi mnzanga". Kasipanala atakwatiwa ndi makaniko anthu anaseka, amati mdala wadzipezera wokonza njinga waulere. Tsopano panalibe woseka.

Anamulola kulankhula ndi mwamuna wake pa kazenera ka zitsulo. Mlomo wa munthuyo unali ukadali wotupa, poti achibale anamuwunjikira zibakera pamaliro pomwe apolisi asanafike.

"Mundiuze zonse, musadumphe kanthu," anatero Kasipanala.

"Ndanena kale kwa abwana, mayi a mwana, koma ngati ndikulankhula ndi khoma." Makaniko ankalankhula pang'onopang'ono, monga mmene amamasulira bawuti yadzimbiri. "Njinga ija inkawiritsa batire. Leguleta, ija imagwira magetsi kuti asapyole muyeso, inali itafa. Lekitifaya, ija imawongola magetsi kuti alowe m'batire, inali itayamba kununkha kupserera. Batire linatupa mpaka kufa, n'chifukwa chake njinga inangokhala m'shedi miyezi yonse ija. Ine ndinachotsa ziwiri zonsezo. Ndinaika chatsopano, chimodzi chogwira ntchito zonse ziwiri, ndi batire latsopano. Mawaya ndinawotcherera ndi mtovu. Mumandidziwa inu, sindipota waya ine."

"Nanga zakalezo munaziika kuti?"

"M'bokosi la chatsopanocho, n'kuwapatsa apongozi m'manja. Ndimatero ndi aliyense, kuti mwiniwake aone kuti ndasinthadi. Iwo anakaliika pa shelefu m'shedi, ine ndikuona."

"Ndiye zinabwerera bwanji m'njinga?"

Mwamunayo anagwira chitsulo cha pazenera n'kutsamiritsapo chipumi. Anayesa kuyankha, koma chinabwera ndi chifuwa chake chija, chomwe chimamugwetsa pansi nyengo yozizira iliyonse. Anatsokomola mpaka misozi.

"Akuti mawa m'mawa anditengera kundende kukadikira mlandu," anatero atapeza mpweya. "Mankhwala anga opopera atha. Ndikalowa kumeneko, mayi a mwana, musadzinamize, sindituluka wamoyo."

*

Njinga inali kuseri kwa polisi, pakati pa magalimoto ophwanyika, gudumu lakutsogolo litapindika. Mkulu wofufuza anali bambo wonenepa, wotopa, wokonda kutafuna kamtengo ka machesi.

"Kuona ndi maso, mayi. Manja kumbuyo."

Mpando unali utachotsedwa. Kasipanala anasuzumira. Zoonadi, zinali momwemo: lekitifaya yakale, mbale zake zosanjikizana zitada bii, ndi leguleta yakale pambali pake. Mawaya anali opotedwa ndi manja, n'kukulungidwa tepi mwaudongo, mosamala ndithu, popanda khwinya ndi limodzi lomwe.

"Mwamuna wanga sapota waya, bwana. Amawotcherera."

"Munthu akamaba sawotcherera, mayi, amakhala pa changu." Anasuntha kamachesi kupita mbali ina ya pakamwa. "Nkhani yake ndi yosavuta. Banja linagula chipangizo chatsopano. Chinaperekedwa kwa makaniko. M'njinga tapezamo chakale, chakufa, ndipo munthu wamwalira nacho. Wodandaula si mlendo ayi, ndi mlongo wanu yemwe, mwana wa malemu. Ine nditani?"

"Wina anachichotsa pambuyo."

"Aliyense amene ali m'chitokosimo ali ndi wina wake. Wina, wina. Ndibweretsereni chatsopanocho, ndi munthu amene anachichotsa, mwamuna wanu mupita naye kunyumba lero lomwe. Apo ayi, galimoto ya kundende ndi yokhayo pano imene sichedwa."

Kasipanala anatuluka mutu uli wee. Sanadziwe koyambira, ndiye anangopita kumene abambo ake anathera.

*

Pafupi ndi mlatho, pansi pa chitunda, panali kashedi ka wosoka nsapato, mkulu wa pakamwa posatseka. Atangomuona anaika pansi singano n'kumupukutira benchi.

"Pepani mayi, pepani kwambiri. Ine ndinaona ndi maso angawa, osati zomva ayi. Kunali kutangoda kumene, kamvula kakuwaza, ine ndikulongedza. Ndinamva kulira kwake kokha n'kudziwa kuti mdala wadzutsa njinga, poti ija siilira ngati tinjinga ta masiku anoti. Akutsetsereka, getsi lija linayamba kuwala. Kuwala! Kuwala ngati kwa owotcherera zitsulo, mpaka ine kuphimba kumaso. Kenako phu! Mdima. Lakumbuyo nalonso phu! Ndinangomva khoma la mlatho likuyankha."

"Panalibe galimoto? Munthu wodutsa?"

"Ngakhale galu, mayi. Anali yekhayekha." Wosokayo anakanda m'mutu, n'kuyang'ana uku ndi uku. "Koma ndinene chilungamo, poti mwiniwake wapita. Wina wa maso abwino mwina akanaliona khomalo. Mdala uja maso anali atatha."

"Abambo ankawerenga nyuzipepala tsiku lililonse."

"Ankaigwira, mayi. Kuigwira ankaigwira. Chaka chatha, njinga isanafe, anandigwetsera tebulo ili masana dzuwa likuswa mtengo, nsapato za anthu mbwee mumsewu. Anandichonderera kuti ndisauze ana ake. Anadziwa ndi amayi anu okha, poti ndiwo anabwera kudzapepesa, n'kundisokera nsalu yophimba iyi."

Abale, mwana wobadwa woyamba, wodziyesa wodziwa abambo ake kuposa aliyense, n'kumva za maso awo kwa wosoka nsapato! Zinamupweteka Kasipanala, koma analibe nthawi yoti zimupweteke bwino. Anadutsira kwawo, osalowa m'nyumba, n'kulunjika m'shedi. Pa shelefu panali zitini za mafuta, machubu akale, tochi. Bokosi panalibe.

Pakhomo pamenepo chinthu chikasowa, panalibe chifukwa chofunsira patali.

*

Mlongo wake wamng'ono anthu ankamutcha Ndibweza, chifukwa ndi mawu amene ankanena akamatuluka ndi wailesi yako kukhwapa. Anamupeza kuseri kwa bala, dzuwa lili pamutu, maso ali psuu, atavala jekete la malemu.

"Achemwali! Mwabwera kudzanditukwana chifukwa cha chigawenga chanu chija?"

Kasipanala sanamupatse moni. Anamugwira pa kolala n'kumukhomera kukhoma, ndipo dzanja lomwe linakula likumanga manati silinali lamasewera.

"Bokosi lili kuti, iwe?"

"Bokosi lanji? Mukundipweteka!"

"Ndafunsa kale ogula zitsulo onse," anatero, ngakhale sanafunse ndi mmodzi yemwe. "Unene ndi pakamwa pako, kapena ukanene kwa bambo wa kamachesi uja."

Ndibweza anafota. Anayamba kulankhula mofulumira, akuyang'ana nsapato.

"Sikunali kuba kumene kuja, achemwali, zinali zotayidwa kale. M'mawa mwake mwa tsiku lokonza lija, dzuwa litakwera, ndinati zakale zija ndikapereke kwa ogula zitsulo, ndipezeko ya sopo. Kutsegula bokosi, ndikupeza chatsopano! Chikuwala! Ndinati alamu aiwala kuchiika, kapena achibisa kuti adzachitenge. Ndiye ndinati ndichisunge kaye kwa mayi uja wogulitsa sipeya za njinga kumsika. Ndimati ndibweza, Mulungu akuona."

"Unachiona chatsopano m'bokosi. Unadziwa kuti m'njinga muli zakufa. Abambo unawauza?"

Kasipanala anamugwedeza.

"Unawauza?"

"Ndikanawauza bwanji, akanandifunsa kuti m'bokosi ndimafunamo chiyani."

"Ndiye kupolisi unakanena kuti mwamuna wanga waba."

"Nanga ndikanati chiyani? Kuti ndagulitsa ine?" Anayamba kulira, kulira konyansa kwa munthu woledzera. "Koma sindinachichotse m'njinga, achemwali, ndikulumbira pa manda a abambo. Ine ndi sipanala tinasiyana kalekale, onani manjawa mmene akunjenjemerera. Ndinachipeza m'bokosi."

Kasipanala anamusiya. Ankafunitsitsa kuti likhale bodza, chifukwa Ndibweza akanamupereka kupolisi popanda kutembenuka. Koma mlongo wake akamanama amayang'ana munthu m'maso, ndipo apa ankayang'ana pansi. Tsono ngati chinali m'bokosi, kodi mwamuna wake anachiikadi m'njinga? Funso limeneli linamulowa ngati minga, ndipo anadzida nalo njira yonse ya kumsika.

*

Mayi wa sipeya anali wouma pakamwa. Anamvetsera manja ali m'chiuno, pakati pa matcheni ndi mababu olendewera.

"Ine sindigula zakuba."

"Sindinati munadziwa, mayi. Munthu wafa nacho chinthu chimenechi, wina ali m'chitokosi."

"Ndiye mukufuna mundikokeremo ine?"

"Ndikufuna ndingochiona."

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kufyonya, n'kuwerama pansi pa kauntala. Anachiponya pa thabwa: kachitsulo kotuwa ka timizere, mawaya ali lende.

"Mlongo wanuyo anati n'chatsopano. Chatsopano chake chiti? Onani apa."

Pa mabowo a mabawuti panali zipsera zozungulira, pomwe wachala, kamphete ka pansi pa bawuti, inaluma. Chinamangidwapo ndithu! Ndipo pa waya uliwonse panali mfundo ya mtovu, yosalala, yowala, ntchito ya manja amene Kasipanala ankawadziwa ngati ake omwe. Mtima unamugunda ndi chimwemwe, koyamba chimwalirireni abambo. Mwamuna wake sananame. Anachiika, anawotcherera, wina n'kudzadula kuseri kwa mfundozo.

"Koma wodulayo ndiye anandidabwitsa," anatero mayi wa sipeya. "Anadula ndi chiyani ameneyu? Pulayala siidula chonchi."

Anamuonetsa kachubu kakuda kokutira mawaya onse pamodzi. Sikanadulidwe mowongoka. M'mphepete mwake munali timano, kukwera kutsika, kukwera kutsika, tofanana bwinobwino.

Chimwemwe chija chinathera pomwepo. Kasipanala anagwira kauntala. Madiresi ake onse a kusukulu, ukawatembenuza, m'mphepete mwa nsalu munali timano tomweti.

"Mayi, muli bwino? Ndikupatseni madzi?"

"Ndibwerekeni chinthuchi," anatero Kasipanala. Mawu ake anamveka ngati a munthu wina.

*

Amayi anali m'chipinda chochezera, pa mpando wawo wa pazenera, atavala diresi lopitira kutauni ndi nsapato, chikwama chili pamwendo. Makina osokera anali ovundikira. M'nyumba monse munali mukadali fungo la anthu ambiri.

Kasipanala analunjika pa makinawo. Anakoka kabati ka makina n'kutulutsa sizasi ya manomano, yodulira m'mphepete mwa nsalu kuti isamasosoke. Anaitsegula pa kuwala. Mano a pakati anali ophwanyika, ndipo pakati pawo panali kaulusi kofiira ka waya. Anaiika patebulo pamodzi ndi kachitsulo kaja.

Amayi anaziyang'ana zonse ziwiri. Sanadzidzimuke.

"Sizasi yabwino ija ndinaimvera chisoni," anatero. "Ndinati waya uyiwononga, ndidulire iyi."

"Amayi."

"Khala pansi, mwana wanga."

Sanakhale pampando. Anakhala pansi pomwepo, pa simenti.

"Adokotala anawauza abambo ako kuti asakwerenso, iwo anati adokotala sadziwa njinga. Ndinabisa makiyi, analumikiza mawaya. Ndinalira, anaseka, amati ndi nsanje ya mitala. Ndinati ndiuze ana, anati ukangowauza kuti sindiona, ndichoka pano. Ndiye njinga ija inafa yokha. Miyezi yonse ija, mwana wanga, ndinkagona tulo. Ndinanenepa. Ankakhala apo n'kumandisokoneza ndi nkhani zawo zopanda mutu, ine n'kumasoka. Kenako anayamba kumuumiriza mwamuna wako. Ndinamupempha mwanayo kuseri kuti achedwetse, anati amayi, apongozi ndiwakanira bwanji? Za maso awo sindinamuuze."

"Ndiye munachotsa nokha?"

"Zaka zonsezi wogwira tochi anali ndani, iwe utakwatiwa? Waya uliwonse wa mkazi mnzanga uja ndimaudziwa. Ndinadzuka m'mamawa iwo ali mtulo. Ndinati zakalezi ndizo zinaipha, ndikazibwezera ifanso, anene kuti njinga yakalamba basi. Za batire latsopano sindinaganize. Sindinadziwe kuti zimaphulitsa mababu. Ndimati zimangoletsa kulira."

Anasisita chikwama chija, kuchisisita, kuchisisita.

"Madzulo anavala jekete, amati ndikamuthokoze mkamwini. Ine ndinaima pakhomo apo, mumtima ndikuseka, ndimati aponde mpaka atope. Anaponda kamodzi. Inalira." Amayi anayang'ana pakhomo. "Ndikanafuula. Anali pafupi, ngati apo pali kabati. Koma ndinaopa kuti andikalipira. Ndinati izima pa ngodya, abwerera akukankha. Ndinakatereka madzi osamba."

Kasipanala ankafuna kukuwa, kuswa zenera, kuwagwedeza. Ankafunanso kuika mutu pamwendo pawo. Kalanga ine, munthu umakwiyira bwanji mayi ako amene akufa ali chikhalire?

"Nanga mwamuna wanga, amayi? Anamumenya pamaso panu. Munali pomwepo."

"Ndinali pomwepo."

"Chifuwa chake mukuchidziwa. Mawa akumutengera kundende."

"M'mawa uliwonse ndimavala chonchi kuti ndipite. Ndimafika pageti, miyendo n'kukana. Ndimabwerera, ndikhala pano mpaka kuda." Anamuyang'ana mwana wawo koyamba. "Ndimapemphera kuti ubwere ndiwe. Ndimadziwa kuti ukangoona, udziwa."

Kasipanala anapukuta kumaso ndi mkono. Mutu unkathamanga kufunafuna khomo lina, lililonse, ngakhale lobowola ndi zala.

"Tikanene kuti anabwezera okha abambo," anatero. "Ankakonda zitsulo zawo zakale, aliyense akudziwa. Anatenga sizasi yanu osakuuzani. Munthu wakufa samangidwa, amayi. Ine ndikachitira umboni."

"Bambo wa kupolisi uja anakuuza kuti akufuna chiyani?"

"Chitsulocho, ndi munthu amene anachichotsa."

"Ndiye umupatsa manda? Mkazi wa womangidwa ndi mpongozi wake, kunamizira wakufa. Akakana, galimoto ya kundende inyamuka." Anapukusa mutu. "Ndipo ngakhale akanavomera. Ndawapha, ndiwanamizirenso kuti anadzipha ndi kupusa kwawo? Ayi, mwana wanga. Amenewo ndawalakwira kokwanira."

Anatenga sizasi n'kuiika m'chikwama. Anayesa kuimirira, osatheka.

"Ndigwire mkono. Pageti paja usandisiye, ngakhale ndikupemphe."

Pageti anampemphadi. Anagwira chitsulo ndi manja onse awiri, amati mawa, mwana wanga, mawa m'mamawa, lero ndatopa. Kasipanala anawamasula zala chimodzichimodzi, akulira onse awiri, anthu a nyumba yoyandikana akusuzumira pa mpanda. Palibe ntchito imene anagwirapo pa moyo wake yoipa kuposa imeneyo.

*

Dzuwa linali litapendeka pamene analowa papolisi. Mkulu wofufuza anamvetsera amayi mpaka kumapeto osawadula. Anatembenuza kachitsulo, anayang'ana mtovu, anayerekeza timano ta kachubu ndi mano a sizasi. Kenako anachotsa kamachesi pakamwa n'kukataya m'bini.

"Mayi, mukudziwa zimene mukunenazi?"

"Ndikudziwa, bambo."

Anapumira m'mwamba, n'kuitana wapolisi wa makiyi. "Kamutulutseni makaniko."

Anabwera akukoka miyendo, wopanda nsapato, atagwira thalauza ndi dzanja poti lamba anamulanda polowa. Anaphethira ndi kuwala. Anaona mkazi wake, kenako n'kuona apongozi ake pa benchi, ndipo nkhope yotupa ija inamasuka ngati ya mwana. Anapita n'kugwada patsogolo pawo.

"Amayi! Mwadzivutitsiranji kubwera kuno, ndi miyendo yanuyo? Zikomo, amayi, zikomo. M'katimo ndimadziuza kuti onse anganditaye, koma inu simungandikayikire. Pamaliro paja ndinu nokha amene simunanditukwane."

Amayi anatambasula dzanja kuti amugwire paphewa, koma linathera m'malere n'kubwerera pamwendo.

"Pita ukapume, mwana wanga," anatero. "Ukamwe mankhwala."

Wapolisi wa makiyi anamuponyera makaniko lamba ndi nsapato zake. Ali mkati momanga zingwe, wapolisi wamkazi anatulukira ku kauntala, n'kuima pamaso pa amayi. Anawalanda chikwama mwaulemu, n'kuwauza kuti avule nsapato ndi mpango wa kumutu. Amayi anawerama n'kuyamba kumasula, pang'onopang'ono, imvi zili poyera.

Makaniko anasiya chingwe. Anayang'ana apongozi ake, anayang'ana wapolisi, kenako mkazi wake.

"Mayi a mwana, akuwavuliranji nsapato amayi?"

Kasipanala anangomugwira dzanja mwamuna wake n'kumukokera kukhomo.